Denga Limene Linasuntha

Sitima inakocheza ku Port Alder mdima utagwa kale. Seveni koloko inali isanakwane. Mvula inkawaza. Noreen Tabios anatsika ndi chikwama kumsana, mpukutu wa zithunzi m'khwapa. Madoko anali atayenda ambiri, koma ili anali asanapondepo. Magetsi ochepa. Fungo la nsomba ndi dizilo. Galu wonyowa amene anamununkhiza n'kumusiya.

Eskil Torvik anamudikira pambali pa galimoto ya bambo ake. Anamukumbatira mwachangu, ngati munthu amene akudziwa kuti mawindo ali ndi maso.

Anadziwana ku Juneau zaka ziwiri zapitazo. Eskil, msodzi, anabwera m'tauni kudzakonzetsa injini ya boti. Noreen, woyeza liwiro la mitsinje ya ayezi, ayezi wambiri amene amatsetsereka pang'onopang'ono m'zigwa za m'mapiri, anali wobadwira m'tauni, wosakhalitsa nyumba imodzi. Za ukwati anagwirizana mu Julaye. Koma Eskil anaikapo mawu amodzi: sadzakwatira mayi ake asanavomere. Bambo ake anakwatira abale a mkazi atakana, ndipo iye anakulira m'nyumba imene amalume ake sanapondemo n'kamodzi komwe. Nyumba yachiwiri yotero sankaifuna.

Mayi akewo, a Arlene, anali atakana kale katatu pafoni. Ankati mkazi wokhalira m'ndege sangasunge mwamuna wa panyanja.

"Wabweretsa?" Eskil anafunsa akuliza galimoto.

Noreen anagogoda mpukutu uja ndi chala.

"Usakayambe ndi manambala. Mayi amadana nawo."

"Nanga iwe unandikondera chiyani ngati si manambala?"

"Unandigulira khofi. Ndinali ndi njala."

Anaseka onse, koma pang'ono. Nyumba inali pafupi kwambiri.

*

A Arlene anali aafupi, a imvi zodula bwino. Anapereka moni wa nsonga za zala, n'kufunsa ngati nyanja inali yabata. Yankho sanalidikire.

M'khitchini munali mkazi wina akukanya mbatatesi. Wamtali, manja a malaya atapinda. Ameneyu anali Darcy Meacham, woyendetsa ndege yotera pamadzi, wa nyumba yoyandikana nayo. Anakhala chibwenzi cha Eskil zaka zisanu. Chibwenzi chinatha, koma malo a masupuni m'nyumbamo ankawadziwabe. Anatsegula kabati osayang'ana n'kutulutsa mbale zisanu. Noreen anaona. Darcy anaona kuti waona.

Bambo a Eskil, a Halvor, anakhala kumapeto kwa tebulo. Manja aakulu, mawu ochepa. Anagwedeza mutu, ndipo moni unathera pomwepo.

Kunali nsomba ya halibuti yowotcha, buledi wophika okha ndi jamu wa zipatso za m'thengo. A Arlene anafunsa za kwawo kwa Noreen, za nyumba zimene wakhalamo. Atamva kuti zakwana khumi ndi imodzi, anangoti ena amatopa msanga ndi makoma.

"Ndiye ndinu amene mumayeza ayezi muli khale pampando?" anatero Darcy akupatsira mchere. "Ife timauluka pamwamba pake tsiku ndi tsiku. Digiri sanatipatsebe."

"Ine ndimayeza wa chaka cha 1979, achemwali. Munali mutayamba kuuluka?"

Linali yankho labwino, koma linagwa poipa. Foloko ya a Arlene inaima m'malere. A Halvor anayang'ana m'mbale.

Chaka chimenecho pa tebulo limenelo sichinkatchulidwa. Mu Seputembala wa 1979, a Halvor ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, akufunsira a Arlene, anapita kosaka mbuzi za m'mapiri ndi mchimwene wa a Arlene, dzina lake Wendell. Anagona m'kanyumba ka banja la Torvik, m'mphepete mwa Brodie, mtsinje wa ayezi wa kuseri kwa phiri. M'mawa anayamba kuwoloka. Njira inali yomweyo imene anthu anayendamo zaka makumi awiri. A Halvor anati akuidziwa, ndipo chingwe chomangirirana m'chiuno chinatsala pamsomali. Wendell anaponda chipale chofewa chimene chinaphimba mng'alu. Mtembo sunapezeke. Abale ake anati kudzitama kwa Halvor ndi kumene kunamupha. A Arlene anakwatiwabe, koma dzina la mchimwene wawo analitsekera mumtima.

Eskil anamugunda Noreen ndi bondo pansi pa tebulo. Nthawi inali yomweyo.

Noreen anasuntha mbale n'kutambasula zithunzi ziwiri. Anafotokoza mwachidule. Zinajambulidwa ndi setilaiti za asilikali, zija zinkaponya filimu pansi ndi parachuti, ndipo zinakhala zotsekeredwa zaka zambiri. China cha mu Juni, china cha mu Ogasiti, chaka chomwecho. Anasanjika chowonekera mkati pamwamba pa chinzake. Miyala yakuda yokhala pamsana pa ayezi inaoneka pawiri: pomwe inali, ndi pomwe inafika.

"Pamalo owolokera paja, ayezi amayenda theka la mita patsiku," anatero. "Chilimwe chimenecho ankayenda mita ndi theka. Kuwirikiza katatu."

A Arlene anavala magalasi. Anayendetsa chala pachithunzi mpaka chinaima.

"Mukutanthauza kuti njira inang'ambika yokha?"

"Ayezi akathamanga chonchi amang'ambika pomwe sanang'ambikepo, mayi. Palibe akanadziwa."

A Arlene anadzuka n'kupita kusinki. Anatsegula mpope. Munalibe chotsuka, koma madzi anatuluka nthawi yaitali. Pobwerera anaima kumbuyo kwa amuna awo n'kuika dzanja paphewa pawo. Eskil anayang'ana kumbali. Chibadwire anali asanaonepo zimenezo.

Kenako a Arlene anatenga tsaya la halibuti, nyama yabwino koposa pansomba yonse, imene nthawi zonse inkapita m'mbale ya Darcy, n'kuika m'mbale ya mlendo. Anatenga foni n'kulowa kuchipinda. Anati akufuna kulankhula ndi achimwene awo a ku Wrangell.

Darcy anatsazika mbale zisanatsukidwe.

*

A Halvor ndi amene anamuitana Noreen. Anati akufuna amuonetse kokhala nsomba zofutsa. Inali shedi ya matabwa kuseri kwa nyumba. Samoni zinalendewera m'mizere, utsi ukununkhira. Anayatsa nyali n'kukhala pachidebe.

Anafunsa funso limodzi. Zithunzi ziwiri zojambulidwa masiku osiyana, setilaiti ili malo osiyana, munthu amazilumikiza bwanji kuti zigwirizane?

Noreen anasangalala nalo. Anthu ambiri safunsa zimenezo. Anati amafunafuna zinthu zosayenda, nsonga za mapiri, matanthwe, n'kukhomerera zithunzizo pamenepo ngati ndi misomali. Chilichonse chimene chasuntha pambuyo pake ndiye kuti chayendadi. Koma chithunzi cha mu Ogasiti chinali ndi mitambo yambiri. Anangopeza matanthwe awiri tsidya lina. Tsidya lino, pafupi ndi powolokera, anapeza kadontho kamodzi kowala ngati kambewu ka mchere.

"Denga la malata la kanyumba kanu, bambo. Ndi limene linandipulumutsa."

A Halvor anatola kamtengo n'kukatembenuza m'manja.

"Kanyumbako tinakasuntha mu Julaye."

Noreen anaganiza kuti sanamve bwino.

A Halvor anafotokoza mosathamanga. Chaka chimenecho kamtsinje kotuluka pansi pa ayezi kanayamba kudya gombe, ndipo ngodya ya kanyumba inatsala pang'ono kulendewera. Iwo ndi Wendell anamasula makina okokera maukonde m'boti, n'kuwanyamula zidutswazidutswa. Anayala mitengo pansi. Anakoka masiku anayi, akutukwanizana ndi kuseka. Mapazi zana limodzi ndi khumi, kulowera kumtunda. Palibe analemba paliponse. Anthu a kuno nyumba yaing'ono amaikoka ngati bwato, si nkhani. A Arlene chilimwe chimenecho ankagwira ntchito kufakitale ya nsomba ku Petersburg, ndipo atabwerako kanyumbako sanafunenso kukaona.

Masamu anadzichita okha m'mutu mwa Noreen. Ngati denga linapita kumtunda, iye n'kulikokera pamalo ake akale, ndiye kuti anakokera chithunzi chonse kumunsi, miyala ndi ayezi yemwe. Liwiro lija silinali la Brodie. Linali la anyamata awiri ndi makina okokera maukonde.

Anakhala pansi pathumba la mchere.

"Mwina anathamangabe pang'ono," anatero ndi mawu osakhala ake. "Ndiyenera kudziwa pomwe kanali ndendende."

A Halvor anamuuza kuti zipilala zakale za kanyumbako zilipobe. Zinayi, za mkungudza, m'mphepete mwa kamtsinje.

"Bwanji mwandiuza, bambo? Mukanangokhala chete."

"Dzanja lija paphewa ndalidikira zaka makumi anayi ndi mphambu," anatero a Halvor. "Lero lafika. Koma si langa." Anataya kamtengo kaja pamoto. "Chingwe ndinachisiya ndine. Kaya ayezi anathamanga, kaya sanathamange."

Noreen anadikira kuti amuuze chochita. Sanamuuze. Anangoti mwana wawo amamukonda, n'kuyamba kutembenuza nsomba.

*

Noreen anamupeza Eskil pakhonde akusuta, ngakhale fodya anati anasiya. Nkhope yake inali yowala. Anati mayi alira pafoni. Amalume onse awiri akubwera Lamlungu pasitima. Alowa m'nyumba muno koyamba. Ndipo mayi afunsa ngati Noreen amakonda ukwati wa m'tchalitchi kapena wa panja.

Noreen anamulola amalize. Kenako anamuuza zonse.

Eskil anazimitsa fodya pachitsulo cha khonde.

"Ndani wina akudziwa?"

"Bambo ako. Ndi ine."

"Ndiye palibe akudziwa."

Anayamba kumuchonderera, mawu ali pansi chifukwa windo la khitchini linali lotsegula. Anati adikire Lamlungu lidutse. Adikire ukwati. Pambuyo pake akonze manambala ake mwakachetechete m'magazini zimene ku Port Alder palibe amaziwerenga. Akulu awiri aja zaka zawatsalira zingati? Ndani angapwetekedwe ndi mita imodzi ya ayezi wa chaka chimene awiriwo anali asanabadwe?

Noreen anati Lamlungu ndi iye amene adzaimirire pamaso pa anthu amene anataya m'bale wawo. Ndi pakamwa pake pamene padzatuluke mawuwo. Anati moyo wake wonse wasamuka nyumba, wasintha mizinda, wasiya anthu. Chinthu chimodzi chokha chimene sanachisiyepo ndi ichi: akanena kuti chinayenda mwakuti, ndiye kuti chinayenda mwakuti.

"Ndiye usankha manambala."

"Usandiikire choncho, Eskil."

"Mayi akadziwa kuti unawapatsa chinthu n'kuwalandanso, sadzakukhululukira. Ukuwadziwa pang'ono chabe. Ine ndanena kale pomwe ndaima."

Mvula inalimba padenga. Noreen anakumbukira madzulo ena mu Malichi, ku Juneau, atakhala pansi pakapeti ndi kompyuta. Ndi Eskil amene analoza kadontho kaja n'kunena kuti ndi kanyumba kawo, agogo ake anamanga mu 1958. Noreen anamupsompsona. Anamufotokozera kuti ntchito yonse yaima padenga limenelo, kuti likanakhala chinthu choyenda zonse zikanagwa. Eskil anangoseka, n'kupita kukatereka madzi a tiyi.

"Unkadziwa kuti kanasunthidwa?"

"Ine ndinabadwa kanyumbako kali pomwe kali."

Noreen anamuyang'ana. Eskil anayang'ana mvula. Noreen anasankha kumukhulupirira, chifukwa kwa tsiku limodzi anali atataya zokwanira.

A Arlene anamuyalira m'kachipinda kosokera, pakati pa makina ndi mabokosi a ulusi. Anamubweretsera bulangeti lachiwiri osapemphedwa. Chitseko chitatsekedwa, Noreen anatenga nambala ya Darcy imene inali pakalendala ya m'khitchini n'kulemba uthenga.

*Ndine Noreen. Mungandiulutse kukanyumba ka pa Brodie mawa? Kupita ndi kubwera.*

Yankho silinachedwe.

*Apongozi akutopetsani kale? Hafu seveni, padoko laling'ono. Mitambo ikatsika sitipita.*

Uthenga wina unalowa, wa Eskil, amene anali kuseri kwa khoma lomwelo.

*Chonde. Mpaka Lamlungu basi.*

Analemba mayankho atatu. Onse anafufuta.

*

Anadzuka kusanache, koma a Arlene anali atamutsogolera. Khofi anali m'fulasiki. Samoni yofutsa inali itakulungidwa m'pepala pamodzi ndi buledi. Eskil anali atawauza kuti mlendo akufuna kukaona Brodie ndi maso, ndipo iwo anati n'zoyenera.

A Arlene analankhula kwambiri m'mawa umenewo. Anati usiku agona tulo timene anali atatiiwala. Anati mchimwene wawo wamkulu, Lyle, poyamba anakana kumva, kenako anapempha kuti amubwerezere nambala ija. Lamlungu aika matebulo awiri pamodzi. Noreen adzatambasule zithunzi monga anachitira dzulo, asasinthe kanthu, alankhule pang'onopang'ono chifukwa Lyle khutu limodzi linafa.

"Wendell akanakukondani," anatero, akumanga chivundikiro cha fulasiki. Dzinalo linatuluka movutikira, ngati kabati imene yakhala yosatsegulidwa. "Ankakonda anthu oyankha msanga."

Noreen anatsegula pakamwa. Mawu analipo, okonzeka. A Halvor anali pakhomo akuvala nsapato, msana atautembenuzira kwa iwo. Anasiya kumanga zingwe, akudikira.

"Pali kanthu kamodzi kamene ndiyenera kukaonanso, mayi."

"Pita ukaone, mwana wanga. Koma ubwere."

Anamukonzera kolala ya jekete. Aka kanali koyamba kumutchula kuti iwe.

*

Padoko laling'ono kunali mbuu. Mitambo inali pamwamba, mapiri akuoneka. Darcy anali atayang'ana kale mafuta, ndipo ankapopa madzi m'zoyandamitsa ndege. Eskil anabwera nawo kudzamasula chingwe. Usiku sanagone, maso ankanena okha. Anamuthandiza Noreen kukwera, n'kugwira dzanja lake nthawi yopitirira.

"Ganiza za ife," anatero.

"Ndi zomwe ndikuchita."

Chitseko chinatsekedwa. Darcy anamupatsa zomvera m'makutu. Injini inatsokomola, inagwira. Ndege inayamba kuyenda pamadzi pang'onopang'ono, kulunjika pakati pa nyanja.

"Tikukasaka chiyani kumeneko, adokotala?" Mawu a Darcy anamveka m'makutu momwe, ngati akuchokera m'mutu mwake. "Ayezi mwamuyeza kale muli ku Juneau."

"Zipilala zinayi. M'mphepete mwa kamtsinje."

"Za pamalo akale a kanyumba? Simuvutika. Ndikakufikitsani pomwepo."

Noreen anatembenuka.

"Mukuzidziwa?"

Darcy anaseka, maso ali pamadzi. Anati iye ndi Eskil ankamangapo tenti chilimwe chilichonse, chifukwa m'kanyumba munkanunkha mbewa. Nkhani ya makina okokera maukonde anamuuza ndi Eskil yemweyo, pamoto, kangapo konse. Ankaikonda. A Halvor anamufotokozera Eskil ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, n'kumuyendetsa mapazi onse zana limodzi ndi khumi akuwerenga.

Kenako Darcy anamuyang'ana. Kuseka kunachoka.

"Sanakuuzeni."

Noreen anayang'ana pawindo. Eskil anali adakaima kumapeto kwa doko, chingwe m'dzanja limodzi, lina atalikweza m'mwamba. Kumbuyo kwake, pachitunda, nyali ya m'khitchini ya a Arlene inali ikuyakabe.

Ndege inafika potembenukira n'kuloza mphepo. Darcy anaika dzanja pachowonjezera moto wa injini, koma sanakankhe.

"Tipitirire, kapena mukufuna mukamufunse kaye?"

Noreen anakumbatira phukusi la nsomba lija pamiyendo. Linali lofundabe.

"Pitirirani," anatero.

Madzi anathovoka m'mbali. Doko linatsalira.